Mimba Idzanena Yokha

A Ezara Mvula a ku Zemba anasiya theka la chifu chawo m'manja mwa madokotala ku Chipata, koma njala anabwera nayo yonse, yosapungula ngakhale pang'ono. Sabata yachitatu chitulukireni m'chipatala, Lachinayi masana, anali khale pampando wa ndalema pakhonde, maso ali pa mbale zisanu ndi ziwiri zovundikira zimene amayi a Chigwirizano cha ku mpingo anasiya podzazonda wodwala, ndipo pakati pa iwo ndi mbalezo panali akazi awo a Elinata, atanyamula kambale kaja timakhazikapo kapu ya tiyi.

"Amake Jonasi, kodi tagula mphaka?"

"Ayi."

"Nanga kambaleko n'ka ndani?"

"N'kanu, atate ake Jonasi. Dzulo kanali kanu, dzana kanali kanu."

"Ndimayesa mwina lero mwalapa."

"Sindinachimwe," anatero a Elinata, akupukuta kambaleko ndi nsonga ya chitenje.

Tisawanamizire a Ezara, asanadwale anali munthu wooneka. Anali mlembi wa nthambi ya chipani komanso mkulu wa mpingo, maudindo awiri amene onse amathera pa mphasa yodyera. Akakwera njinga, masipoko ankalira ngati akuitana anansi. Wayilesi inkalalikira m'mawa uliwonse kuti dziko lili pa mavuto, aliyense amange lamba, koma iwo ankapita kwa wosoka nsapato kukalumikiza lamba wawo ndi chikopa china. Kenaka zilonda za m'mimba zinawagwetsa pakati pa msonkhano akusanza magazi, dokotala n'kudula chimene anadula. Tsopano buluku ankamanga ndi luzi.

A Elinata anali mayi woonda ngati mpini wa khasu, wosachulutsa zolankhula. Mawu akauzidwa ankawasunga mmene abwerera, osachotsapo, osawonjezapo. Tsiku lina amuna awo anawauza pa boma ku Chadiza kuti, "Mundidikire pamtengo apa." Mvula inabwera, inawathera pathupi, khonde la sitolo lili pomwepo, koma iwo anadikira pamtengo. Ndiye sisita, namwino wa ku chipatala cha ku Chipata, posankha munthu womusiyira malamulo, anadziwa kusankha.

"Tabwerezani zimene ananena sisita," anatero a Ezara. "Mwina pali pena pamene munamva mokhota."

A Elinata anaima chilili ngati pa kalasi ya ubatizo. "Adye pa kambale kamodzi. Adye kasanu ndi kamodzi patsiku. Atafune mpaka chakudya chisanduke phala. Musamvere pakamwa pawo, mayi, pakamwa pa bamboyu ndapaona. Muzimvera mimba. Ikakhuta idzanena yokha."

"Za pakamwa pangazo mukanatha kuzidumpha."

"Ananena."

Anavundukula mbale yoyamba. Munali futali wa a Monika, wa mbatata yofiira, nsinjiro zake zosaumira. Anatapa masupuni anayi n'kuyamba kusalaza pa kambale paja.

"Taimani kaye," anatero a Ezara. "Sisita anati kambale kamodzi, eti?"

"Ee."

"Za kutalika kwa chakudyacho anatchulapo?"

A Elinata anayendetsa milomo, kubwereza malamulo onse chamumtima. "Sanatchule."

"Ndiye bwanji mukusalaza ngati mukuzira m'nyumba? Kwezani m'mwamba. Chulu nachonso chimayambira pa kamalo kakang'ono."

A Elinata anatapa supuni ina, kuisanjika pamwamba. Anaweramitsa mutu, kuyang'ana kambaleko cham'mbali, kenaka n'kuichotsa supuni ija kuibweza m'mbale.

"Aa, mwachotseranjinso?"

"Anati adye pa kambale. Wapamwambayu sanali pa kambale, anali pa futali mnzake."

A Ezara anayang'ana kudenga, kumene kunalibe wowathandiza. Analandira kambale kawo ndi zala ziwiri ngati akulandira mgonero, n'kuponya supuni yoyamba m'kamwa.

"Mwameza."

"Ndameza, inde. Mumafuna ndisunge m'tsaya ngati nyani?"

"Anali asanasanduke phala."

"Futali ndi phala kale, amake Jonasi. A Monika ananditafunira kale ndi mthiko."

"Mthiko sanautchule. Anati atafune."

Supuni yachiwiri anaitafuna mwamwano, nsagwada zikuzungulira ngati ng'ombe yobzikula, maso ali pabwalo. Pabwalopo panali miyala isanu ndi umodzi yondanda, ndipo mthunzi wa mtengo wa papaya ukakhudza mwala, imeneyo inali nthawi yodya. Wotchi ya a Ezara anaikana a Elinata, chifukwa chitulukireni m'chipatala inayamba kuthamanga yokha ikakhala pa mkono wa eni ake.

"Kasanu ndi kamodzi patsiku," anatero a Ezara mofatsa, mawu awo a pa msonkhano. "Lero si tsiku?"

"Ndi tsiku."

"Ndadya kangati?"

"Aka n'kachitatu."

"Ndiye kwatsala katatu. Ndipatsirenitu pompano tithane nazo, inu mukapume. Ine ndikumvera chisoni inu, kumangolondera mthunzi ngati mlonda wa mapira."

Kwa a Elinata mawuwo ankamveka ngati oona. Koma anakumbukira za Lamulungu lapitalo. Iwo ali ku tchalitchi, amuna awo anakwawira kukhitchini n'kumaliza mphika wa nyemba. Anawapeza kuseri kwa nkhokwe ali gone, thukuta lili kamukamu, maso atatembenuka. Anawanyamula pa ngolo ya ng'ombe kupita nawo ku kiliniki, ndipo wa pa kiliniki atawapima anati, "Mayi, ulusi uli m'katimu ukadzaduka, ndi msewu wathu uno, ku Chipata mudzakafika nawo atazizira kale." Mawu amenewonso a Elinata anawasunga mmene anabwerera. Ankawaopa usana ndi usiku, chifukwa munthuyu ngakhale anali wamakani ngati nkhupakupa, ankamukonda, ndipo umasiye sankaufuna.

"Mukadya katatu osanyamuka," anatero pomaliza, "kumeneko si katatu. N'kamodzi kakakulu."

A Ezara anayang'ana kumbali. Ndodo yawo inatsetsereka pang'onopang'ono kutsika pakhonde kulunjika pa miyala ija.

"Mwala wachinayi ukuyenda," anatero a Elinata osatembenuka.

"Ndi nkhuku zimenezo."

"Nkhuku zathu zilibe ndodo."

Ndodo inabwerera. A Ezara anadya supuni yachitatu, ndipo pa kambale panatsala imodzi. Pomwepo a Elinata anayala chitenje pansi, kugwada, kukweza malaya a amuna awo n'kugunditsa khutu pamimba, pambali pa chipsera.

"Mwayambanso. Anthu akudutsa pamsewu, amake Jonasi. Ine ndine mlembi wa nthambi."

"Khalani chete, ndikumvera."

"Sisita sankanena khutu. Kumva kulipo kwa mitundumitundu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, kodi ameneyo amamva ndi khutu?"

"Ameneyo ndi mwini mimba. Ine mimbayi si yanga, ndiimva ndi chiyani?"

A Ezara anapotoza kamwa, kutsina mphuno n'kulankhula ndi kamawu kang'ono ngati ka mwana wa mbuzi. "Onjezani. Onjezani nkhuku."

A Elinata anadzutsa mutu. "Mawuwo atulukira kumwamba."

"Njira yake ndi yomweyo. Mimba ilibe khomo lina lolankhulira pagulu."

"Ndiye ndi pakamwa. Pakamwa anatiletsa."

Anabwezeranso khutu. Mimba ija, ngati yamva kuti akuikamba, inalira mokoka, guuu, n'kumalizira ndi kamluzu.

"Mwamva," anatero a Ezara. "Yanena yokha."

"Yanena, koma sindinamve bwino."

"Simungamve. Anaisoka ndi dokotala wa kunja, tsopano imalankhula Chizungu. Ine ndinafika sitandade sikisi, ndikumasulireni. Ikuti njala."

"Womasulira sakhala mwini mlandu."

"Nanga tikaitane aphunzitsi adzagwade apa?"

A Elinata anaganizadi za aphunzitsiwo kanthawi, kenaka anapukusa mutu chifukwa sukulu inali isanaweruke. Akali m'maganizo choncho, a Ezara anakweza supuni yomaliza, koma isanafike pakamwa, chifuwa chinawatukuka ndipo anageya. Kugeya kwake kunali kwakukulu, kochokera pansi, moti tambala amene ankatola nyenyeswa pansi pa khonde anadumpha.

Dzanja la a Elinata linagwa pa kambale. "Yanena."

"Yanena chiyani?"

"Yakhuta. Apa ndamva ndi makutu onse awiri."

"Ha, koma mwaonjeza. Mwati zotulukira kumwamba simumvera."

"Awa sanali mawu anu. Inu simunafune kuwanena, anakuthawani."

"Kugeya si kukhuta, amake Jonasi. Kugeya n'kusesa m'nyumba kuti alendo ena alowe. Kuyambira ndili mnyamata ndikageya ndiye kuti ndayamba kumene."

"Nthawi imeneyo nyumba inali ya zipinda ziwiri."

A Ezara anaika supuni pansi mwaukali. "Mukufuna ndinene liwu lija, ndikudziwa. Sindinena. Zaka makumi awiri ndi ziwiri tili limodzi, munandimvapo ndikunena kuti ndakhuta?"

"Sindinamvepo."

"Ndipo simudzamva. Njala ya fote naini ine ndinali wa zaka khumi. Tinkadya mizu, mlongo wanga Lonia tinamuika m'mphasa yake yogonera. Ndinalumbira pamenepo kuti chakudya chikadzabweranso, pakamwa panga sipadzachibweza. Munthu amasiya kudya mbale ikatha, basi. Kukhuta kwina ine sindikudziwa."

Nkhani imeneyi a Elinata ankaidziwa, ndipo nthawi zonse inkawamvetsa chisoni. Koma dzanja sanalichotse pa kambale. A Ezara ataona kuti chisoni sichinatsekule chitseko, anayesa khomo lina.

"Chabwino, tisiye za ine. Amayi aja abwera nthawi yanji kudzatenga mbale zawo?"

"Akaweruka ku mapemphero. Mthunzi ukafika pa mwala wachisanu."

"Ndiye muwabwezera zodzadza?"

A Elinata anaphethira.

"Taganizani bwino," anapitiriza a Ezara, atamva kuti mbedza yakola. "A Monika avundukula mbale yawo, apeza mwangokanda pakona. A Kristina apeza nkhuku yawo ili gone mmene anaigonekera. Mudzi uno mukuudziwa. Chakudya cha wodwala chikabwerera chosakhudza, amati chiyani?"

"Amati mwatiganizira kuti tathiramo mankhwala."

"Eya. Ndiye inu, msungichuma wa Chigwirizano, mukufuna kuuza amayi asanu ndi awiri, ndi amayi abusa omwe, kuti ndi afiti."

"Ine sindinanene zimenezo."

"Mbale zinena zokha. Si mimba yokha imene imalankhula."

Apa ndiye a Elinata anasokonezekadi. Kupatsa anansi sikukanatheka, chifukwa anansiwo ndiwo anaphika. Kutayira nkhumba, mudzi wonse ukanadziwa dzuwa lisanalowe, poti nkhumba zawo zinkadyera pamsewu. Jonasi, mwana wawo yekhayo, anali ku migodi ku Kitwe. Anavundukula mbale zija imodziimodzi ngati akuyembekeza kuti zina zapungula zokha. Munali nkhwani wotendera, maungu, mpunga wa amayi abusa, zitumbuwa, mbewa zowamba zisanu za a Keziya, ndipo m'mbale yomaliza munali nkhuku ya a Kristina, nthutumba ili pamwamba monga mwa ulemu wa mwini nyumba.

A Ezara anameza malovu momveka. "Mwaona? Ine sindikudyera njala. Ndikudyera mtendere wa mpingo."

"Ulusi uduka."

"Ulusi, ulusi. Kodi ndine thumba la thonje?"

"Anakusokani ndithu."

"Tamverani, mayi. Tiyeni tipite ku Malemba, poti sisita si wamkulu kuposa Malemba. Tsiku la ukwati wathu abusa anati chiyani?"

"Anati salinso awiri, koma thupi limodzi."

"Thupi limodzi. Ndiye chanu ndi changa."

"Ee."

"Gawo lanu la chakudya ichi ndi langa."

"Ee."

"Sisita anandiletsa gawo langa, koma za gawo lanu anatchulapo?"

A Elinata anayendetsanso milomo. "Sanatchule."

"Basi, mlandu watha. Sendezani gawo lanu kuno, muyambe ndi nkhukuyo."

A Ezara anatsamira kumbuyo, manja pamimba, nkhope ili ngwee ngati munthu wopambana chisankho chopanda wopikisana naye. A Elinata anayang'ana mbale zija. Kenaka anadzuka, kukatunga madzi m'kabeseni, kusamba m'manja bwinobwino, n'kukhala pamphasa atatambasula miyendo. Anakoka mbale ya mpunga n'kuiika pamiyendo pawo.

"Mukutani?"

"Ndikukudyetsani."

"Pakamwa panga pali kuno."

"Mwati ndife thupi limodzi."

"Ndatero."

"Thupi limeneli lili ndi mimba ziwiri. Ina ili ndi ulusi, ina ilibe. Chakudya chanu ndichiika mu iyi yopanda ulusiyi." Anatapa mpunga, kuuviika mu msuzi wa nkhuku, n'kuponya m'kamwa.

"Iyayi, amake Jonasi, sizimene ndimatanthauza."

"Ndi zimene mwanena."

"Ndimanena za chakudya, osati za mimba."

"Abusa sanati chakudya chimodzi. Anati thupi." Anatapanso. "Mpunga wa amayi abusawu mwaukonda. Akabwera muwathokoze."

"Ndiwathokoze chiyani, ine sindinalawe?"

"Mukulawa panopa. Mchere wake ndi wabwino."

A Ezara anayesa kudzuka, chipsera chinawakoka, anakhalanso. Anayesa kukokera mbale ya zitumbuwa ndi ndodo, a Elinata anaisuntha ndi phazi osasiya kutafuna. Mpunga unatha. Nkhwani unatha, mbale n'kuikombeza ndi chala. Maungu anatsala makoko okha.

"Mbewazo ndiye ayi," anatero a Ezara. "A Keziya anandiuza okha kuti n'zanga. Ndi akapuku amenewo, onona."

"N'zanu ndithu. Mudya zingati?"

"Zonse zisanu."

"Chabwino." A Elinata anayamba ndi yaikulu, kuyambira kumutu.

"Mukutafunanso msanga. Sisita anati mpaka phala."

"Anati mimba ya ulusi."

"Ndikakusumirani ku bwalo la akulu a mpingo."

"Mukanene kuti ndinamvera Malemba amene munanditsekulira nokha."

A Ezara anangoyang'ana mbale zija zikupungula. M'moyo wawo wonse anali asanaonepo chakudya chikutha pamaso pawo iwo manja ali pamiyendo. Koma chimene chinawadabwitsa kwambiri sichinali chimenecho. Anali asanaonepo akazi awo akudya. Masiku onse a Elinata ankapereka chakudya, kugwada, kubwerera kukhitchini, ndipo mbale zinkabwerera komweko zoyera ngati zotsukatsuka. Tsopano mayiyu ankadya mwachifatse, osathamanga, osapuma, maso atatsinzina pang'ono, mafuta akutsikira kuchigongono.

Kambale kaja kanali pa mpando pambali pawo, kopanda mlonda, supuni imodzi ya futali ili pomwepo. A Ezara anakatenga mwakachetechete. Anakweza supuni mpaka pamilomo. Pomwepo anamva chinthu pansi pa fupa la pachifuwa, cholemera ngati kamwala kofunda, chosapweteka koma chokana. Anadikira kuti chichoke, sichinachoke. Anatsitsa supuni.

"Amake Jonasi."

"Mmm."

"Tabwerani. Pali chinthu apa."

A Elinata anasiya mbewa yachinayi n'kukwawa msangamsanga. "Ulusi?"

"Sindikudziwa. Sipakupweteka. Pangokhala ngati munthu waima pakhomo atatambasula manja."

"Thukuta?"

"Ayi."

"Chizungulire?"

"Ayi. Kungoti ndikayang'ana futaliyu, maso akumufuna, koma apa pakuti adikire."

A Elinata anagunditsa khutu, kumvetsera nthawi yaitali. M'katimo munali zii. Anadzuka misozi ili m'maso, koma mawu awo anali omwe aja a masiku onse. "Kumeneko ndiye kukhuta, atate ake Jonasi."

"Kumeneku?"

"Ee."

"Chakudya chikadalipo pa mbale?"

"Chimatero."

A Ezara anayang'ana supuni ija, anayang'ana mbale zopanda kanthu, anayang'ananso supuni. Anatembenukira kumsewu kuona ngati kukudutsa munthu wa chipani kapena wa mpingo. Kunalibe. Anakankhira kambale kutali ndi chala chimodzi n'kulankhula motsitsa ngati akuulula tchimo.

"Ndakhuta."

"Sindinamve."

"Mwamva. Kawiri sindibwereza, Lonia angandimve."

"Lonia akanakondwa," anatero a Elinata. Anatenga kambale kaja, kumaliza futali wotsalayo, n'kubwerera pamphasa pawo. Mbewa ziwiri zotsala zinapita, zitumbuwa zinatsatira, futali wa m'mbale ya a Monika nayenso anatha. Kenaka anakoka mbale ya nkhuku.

"Aa, inunso basi," anatero a Ezara. "Mbale zisanu ndi imodzi, mayi. Mpingo wakhutira, palibe mfiti. Nkhukuyo ikhale ya mawa, ndizidya kachidutswa pa mwala uliwonse. Inu mwakhuta."

"Ndani wanena?"

"Ndikukudziwani. Inu ndi munthu wa kadyedwe ka mbalame. Zaka zonsezi ndikati bwerani tidye, mumati ndakhuta. Ndikati nanga ndiwo zatsala kukhitchini, mumati idyani, ine ndakhuta. Tsiku lililonse ndakhuta, ndakhuta."

"Ndinkatero."

"Nanga?"

"Munkamvera pakamwa."

A Ezara anatembenukira kumphasa. Anayang'ana manja a akazi awo, owonda ngati timitengo ta chinangwa, kenaka anayang'ana lamba wawo wolumikiza uja amene ankalendewera pa msomali pakhomo. Manyazi anawagwira, manyazi enieni, oposa aja ogwadiridwa pamimba anthu akudutsa.

"Bwanji simunanene?"

"Simunafunse mimba. Ndiponso mbale zinkabwera zitatha."

Mthunzi wa papaya unali utadutsa mwala wachinayi, ndipo kwa nthawi yoyamba a Ezara sanauone. Cha kutchalitchi kunkamveka amayi akuimba nyimbo yotsekera. A Ezara anagwira ndodo, kutsika pampando mosamala, dzanja lina litagwira chipsera, mpaka mawondo anafika pamphasa.

"Mukutani? Ulusi, atate ake Jonasi."

"Khalani chete, ndikumvera."

"Anthu akudutsa pamsewu. Ndinu mlembi wa nthambi."

"Adutse."

Mkulu wa mpingo anagunditsa khutu pamimba pa akazi ake, nkhope ili yaulemu ngati akumvetsera ulaliki. A Elinata anaumitsa thupi, manja ali m'mwamba kuopa kuwadontheza msuzi m'mutu. Anadikira, anadikira.

"Ikuti chiyani?" anafunsa monong'ona.

"Iyi ndiye ikulankhula Chichewa chomveka," anatero a Ezara, akusendeza mbale ya nkhuku, nthutumba ili momwemo. "Ikuti onjezani."